MAINA A OYANG'ANIRA: KUMENE ANACHOKERA NDI UMO TIYENERA KUWATCHULIRA

M'dziko muno mulibe mudzi, mpingo, sukulu, munda wa tiyi kapena bungwe lopanda munthu woima patsogolo pake. Ndipo munthu ameneyo ali nalo dzina la udindo wake limene anthu amuitana nalo. Wina timuti mfumu, wina nduna, wina kapitao, wina bwana, wina mbusa, wina wapampando, ndi wina manijala. Ambiri a ife titchula maina awa tsiku ndi tsiku osalingalira kanthu, monga umo munthu apondera njira ya kuchitsime osafunsa amene anailambula. Koma mainawa sanamere tsiku limodzi ngati bowa wa pachulu ai. Lililonse linafika ndi anthu ake, pa nyengo yake, ndi pa njira yakeyake: ena anabadwira konkuno, ena anaoloka Zambezi, ena anadza ndi amalonda a kum'mawa, ndi ena anatuluka m'nyumba yosindikizira mabuku. Chimene tifuna kuonetsa ndi ichi: dzina lililonse likumbukirabe amene anapatsa munthuyo mphamvu, ndi amene ayenera kumfunsa akalakwa. Wotchula maina mosasamala asokoneza zinthu ziwiri zimenezi.

MAU A MAKOLO

Tiyambe ndi mau amene Amaravi anali nao kale. Pamwamba pa onse panali Kalonga, wa mfunda wa Phiri, amene anakhala ku Mankhamba, kufupi ndi Mtakataka. Kalonga silinali dzina lobadwa nalo, koma dzina la mpando, ndipo wolowa ufumu analowanso dzinalo. Chomwechonso Lundu wa kuchigwa cha Shire, ndi Undi, amene anapatuka nakamanga ku Maano, m'dziko limene lero litchedwa Mozambique. Akuluakulu amasulira kuti Kalonga ndiye wolonga mafumu anzake, ndi kuti Gawa, dzina limene tilimva pa Kalonga Gawa Undi wa ku Mkaika m'boma la Katete ku Zambia, ndiye wogawa malo. Taonani tsono kuti maina onse awiri anena za kupatsa.

Pansi pa mafumu aakulu panali eni dziko, ndi pansi pa iwo mafumu a midzi. Liu ili la mwini lifunika kulimvetsa bwino, pakuti lasokeretsa alendo ambiri. Mwini dziko sanali mwini monga umo munthu akhalira mwini wa njinga yogula ndi ndalama zake. Ntchito yake inali kugawa minda, kuweruza milandu ya malire, kulandira opempha malo, ndi kutsogolera nsembe mvula ikakanika. Koma kugulitsa dziko sikunali m'manja mwake. Azungu amene anapatsa mafumu nsalu, mikanda ndi mfuti m'zaka za m'ma 1880, nayesa kuti agula dziko kwa eni ake, anamva liuli monga mwa kwao. Ndipo m'kusamvana kumeneko munatuluka milandu ya malo imene inavuta mibadwo yotsatira.

Momwemonso mwini mbumba ndiye mwamuna wosunga alongo ake ndi ana ao; ndiye nkhoswe yao, woima pabwalo mmodzi wa iwo akapalamula, ndi wolipa nkhuku kapena mbuzi. Mwini mzinda ndiye mfumu imene inalandira ufulu wa kuvinira anamwali ndi kusunga dambwe. Koma pa tsiku la chinamwali woyendetsa zonse ndiye namkungwi, ndipo namwali aliyense ali ndi phungu wake womlangiza ndi kumperekeza. Ku kachisi wa ku Msinja kunali Makewana, mayi wosunga mvula, pamodzi ndi Kamundi, ndi Tsang'oma woomba ng'oma yopatulika. Aliyense anali nalo gawo lake, ndipo sanalowerere gawo la mnzake.

Nanga anawaika ndani? Mfumu ya mudzi ikamwalira, ntchembere zazikulu za mbumba ndizo zinaloza woyenera kulowa m'malo, kawirikawiri mwana wa mlongo wake wa malemuyo. Asanamuonetse pabwalo anayamba amtsekera m'nyumba namlangiza kuti asakhale waumbombo, asakondere pa mlandu, asanyoze amasiye. Mphamvu yake inachokera kwa abale ake omwe. Ndipo akawazunza anali nayo njira yomlanga, ndiyo kusamuka ndi kumsiyira mabwinja. Chifukwa chake makolo anati, Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Natinso, Mutu ukakula sulewa nkhonya. Ukulu unali katundu wosenza.

NDUNA NDI KAZEMBE

M'mwezi wa November 1835 Angoni a Zwangendaba anaoloka Zambezi kufupi ndi Zumbo, tsiku la kadamsana. Gulu lina, la Amaseko, linadzera njira yakeyake, ndipo pambuyo pake linakhazikika m'mapiri a Dedza ndi Ntcheu. Pakati pa anthu awa munthu anatha kukwera chifukwa cha nzeru ndi chamuna chake, angakhale anali wogwidwa kunkhondo. Ndipo wokwera chotere anatchedwa induna, woyang'anira mudzi wa inkosi, wotsogolera gulu la nkhondo, wonenera mfumu pabwalo. Angoni a Gomani ndi a Mpezeni anasiya chinenero chao natenga cha anthu amene anawapeza. Koma liu ili, limene ife tilitchula nduna, linamera mizu. Amene anapita ku Joni pa Wenela anakalipezanso m'makomboni a migodi, kumene induna anali munthu woikidwa ndi Mzungu wa komboni kuti asunge bata pakati pa a mtundu wake.

Kusiyana kwa nkhoswe ndi nduna ndi kumeneku: nkhoswe ichita kubadwa, nduna ichita kuikidwa. Nduna ilibe ufumu wakewake. Ili maso, makutu ndi pakamwa pa amene anaiika, ndipo iyeyo akhoza kuichotsa. Chifukwa chake liuli linayenera bwino pamene eni dziko analowa m'boma chitatha chisankho cha 1961: oyang'anira nthambi za boma anatchedwa nduna, ntchito yao unduna, ndipo m'chaka cha 1963 Dr. Hastings Kamuzu Banda anakhala Nduna Yaikulu. M'mwezi wa September 1964, pamene Orton Chirwa, Kanyama Chiume ndi Augustine Bwanausi anachotsedwa pa unduna, tanthauzo lakale la liuli linaonekera poyera.

Liu lina la mtundu womwewo ndilo kazembe. Limveka m'dzina la Mwata Kazembe wa ku Luapula, amene makolo ake anatumidwa ndi Mwata Yamvo wa Alunda kukagwira maiko a kum'mawa, ndi kumene Mpwitikizi uja Lacerda anafika m'chaka cha 1798 namwalira komweko. Omasulira Buku Lopatulika la 1922 analitenga ponena Pilato, wolamulira m'dzina la Kaisara, ndi ponena akulu a nkhondo monga Namani. Lero kazembe ndiye woimira dziko lake m'dziko la eni. Ntchito yasinthasintha, koma mtima wa liu sunasinthe: kazembe ndi wamkulu kumene ali, komabe ndi wotumidwa.

KAPITAO

Tsopano titsikire ku mtsinje wa Zambezi, kumene Apwitikizi anakhala ku Sena ndi ku Tete kuyambira zaka za m'ma 1500. Kwa iwo capitão ndiye mkulu wa asilikali kapena wa ngalawa, ndipo olamulira midzi yao ya pamtsinje anali nalo dzina limenelo. Anthu a m'minda yao yaikulu yotchedwa prazo, ndi Achikunda amene anawagwirira nkhondo ndi malonda a minyanga, analitenga liuli nalipatsa aliyense woikidwa kutsogolera gulu la antchito. Linakwera Shire pamodzi ndi mau ena a Chipwitikizi, monga kalata, nsapato, malinyero ndi dona.

Amishoni a ku Scotland, amene anafika ku Cape Maclear m'chaka cha 1875 ndi ku Blantyre m'chaka cha 1876, anadzera njira yomweyo ya mtsinje. Kampani ya African Lakes, imene John ndi Frederick Moir anaiyendetsa kuyambira 1878, ndi imene anthu anaitcha Mandala, inalemba amtengatenga osenza katundu kulambalala mathithi a Shire. Ndipo ulendo uliwonse unali ndi kapitao wake, wosunga kalata ya katundu, wogawa phoso, ndi wofunsidwa mtolo ukasowa.

Pamene minda ya khofi, thonje, fodya ndi tiyi inatsegulidwa ku Zomba, Chiradzulu, Thyolo ndi Mulanje, ukapitao unakula. Kapitao ndiye anaitana maina m'mamawa, nayesa mgwazo, nalemba tikiti. Ndiyenso anatumidwa m'midzi kukatenga anthu a thangata. Liu lokoma lija la kuthangata, ndiko kuthandizana kumunda, linasandulika ntchito yokakamiza yolipirira malo okhalapo pa esiteti. Ku Magomero, pa esiteti ya A. L. Bruce, madandaulo anachuluka. Ndipo usiku wa 23 January 1915 anthu a John Chilembwe anapha manijala wake, William Jervis Livingstone. Ntchito ya thangata inathetsedwa ndi lamulo m'chaka cha 1962.

Tisaweruze akapitao onse pamodzi. Ambiri anali ophunzira a ku mishoni amene anapeza pamenepo khomo lokwerera, ndipo analipo achifundo monga analiponso ankhanza. Koma malo ao anali ovuta, ngati a mapira pakati pa mphero ndi mwana wake. Nduna inaikidwa ndi mfumu, koma mfumuyo inali ya anthu omwewo; kapitao anaikidwa ndi mlendo, ndipo wofunsa ntchito yake anali mwini ndalama yekha. Omasulira Buku Lopatulika anazindikira ichi, pakuti anapatsa dzinali kwa wosunga chuma cha mbuye wake m'fanizo la pa Luka 16, ndiponso kwa Aisraele aja amene anaikidwa kuyang'anira abale ao pa ntchito ya njerwa, nakwapulidwa njerwazo zitaperewera. Lero liuli latsalira kwa woyang'anira antchito a manja, pomanga nyumba, pamseu ndi m'maesiteti. Mkulu wa sukulu kapena wa banki satchedwa kapitao ai.

BWANA NDI BOMA

Njira ina ndiyo ya kum'mawa. Amalonda olankhula Chiswahili anafika kunyanja ndi nsalu, mikanda ndi mfuti, nabwerera ndi minyanga ndi akapolo. Mmodzi wa iwo, Salim bin Abdallah, anakhazikika ku Nkhotakota m'zaka za m'ma 1840, natchedwa Jumbe, ndilo liu la kwao lonena mkulu wa mudzi. Kwa anthu amenewa, ndi kwa Ayao ochita nao malonda, kunachokera liu la bwana.

Pamene Harry Johnston anakhazikitsa ulamuliro wa Angerezi m'chaka cha 1891, pakati pa asilikali ndi antchito ake panali ochokera ku Zanzibar, kotero kuti Chiswahili chinalowa m'malankhulidwe a boma. Liu lomwelo la boma ndi la Chiswahili, lonena linga kapena mpanda. Nkhani imene imveka masiku ano, yakuti ndi malembo oyamba a mau anai a Chingerezi, ndi yopeka. Linga linapatsa dzina lake kwa okhala m'katimo, kenaka kwa dera lolamulidwa kuchokera m'menemo, ndi potsiriza kwa ulamuliro wa dziko lonse. Wamkulu wa onse, wokhala ku Zomba, anatchedwa Bwanamkubwa, ndiko kunena bwana wamkulu. Alfred Sharpe ndiye anali gavanala woyamba, m'chaka cha 1907, pamene dziko linatchedwa Nyasaland. Wotsiriza anali Glyn Jones. Iye atachoka m'chaka cha 1966 dzinalo silinafe, koma linatsika: lero bwanamkubwa ndiye mkulu wa boma limodzi, monga la Dedza kapena la Nsanje, amene kale anthu anamtcha Bwana Disi.

Boma linasanjanso mafumu. Lamulo la 1912 linaika mafumu aakulu ndi mafumu a midzi kuti athandize pa msonkho ndi pa kusunga bata. Malamulo a 1933 anawapatsa mabwalo a milandu ndi mphamvu ya kuika malamulo aang'ono. Ndipo la 1967 linawasanjanso pansi pa boma la Malawi. M'menemo munatuluka makwerero amene tiwadziwa: nyakwawa, liu lomveka makamaka kum'mwera, gulupu, woyang'anira midzi ingapo, mfumu yandodo, ndi mfumu yaikulu. Kuyambira pamenepo mfumu inakhala ndi ambuye awiri, mbumba imene inailoza ndi boma limene linailemba m'buku. Inkosi Philip Gomani anaona kuwawa kwake m'chaka cha 1953, pamene boma linamchotsa chifukwa cha kuima ndi anthu ake pokana chitaganya.

Za liu la bwana tinenepo ichi. Masiku a atsamunda Mzungu aliyense anali bwana, angakhale mnyamata wosamera ndevu, ndi mkazi wake dona. Pamene munthu wakuda wogwira ntchito m'nyumba mwao, angakhale wa imvi, anaitanidwa boyi. Liuli silinena ntchito imene munthu agwira. Linena kutalikirana kwa wapamwamba ndi wapansi. Ufulu utafika m'chaka cha 1964 mipando inalandira eni atsopano, koma liulo linatsalira pampando.

MAU A MU MPINGO

Amishoni anayenera kupeza maina a maudindo a mu mpingo, ndipo kawirikawiri anasankha bwino, popeza anafunsa eni chinenero. David Clement Scott, amene buku lake lalikulu la mau a Chimang'anja linatuluka m'chaka cha 1892, anapatula madikoni a konkuno ku Blantyre, mwa iwo Mungo Chisuse wa ku nyumba yosindikizira, John Gray Kufa ndi Harry Kambwiri Matecheta. Ndipo m'chaka cha 1911 Matecheta ndi Stephen Kundecha anadzozedwa ubusa. Liu la mbusa linatengedwa kudambo, kumene kamnyamata kakhala tsiku lonse ndi mbuzi za eni ake, nikadzudzulidwa imodzi ikalowa m'munda. Liu la mkulu wa mpingo linatengedwa kubwalo la mudzi. M'makalata a Paulo, liu la Chigriki limene linabala bishopu ndi episkopi linamasulidwa woyang'anira, ndi limene linabala dikoni linamasulidwa mtumiki.

Akatolika, amene anafika ku Nzama m'chaka cha 1901 ndi ku Mua m'chaka cha 1902, anatenga mau a pabanja ndi a pamudzi: wansembe ndi bambo, woyang'anira parishi ndi bambo mfumu, episkopi ndi ambuye. Asilamu asunga shehe ndi mwalimu, mau amene anadza pa njira ya kum'mawa ija.

Liu limodzi la m'Buku Lopatulika layenda ulendo wautali, ndilo mdindo, wosungira mwini nyumba zinthu zake ndi kugawira a m'nyumbamo chakudya pa nthawi yake. Mdindo mmodzi samvekanso kawirikawiri. Koma udindo uli pakamwa pa aliyense, ndipo adindo ndilo dzina limene nyuzi ndi wailesi zitchula nalo akuluakulu a m'maofesi. Ndi dzina labwino koposa, tikamakumbuka kuti mdindo asunga za eni.

MAU A M'MABUNGWE

Njira yotsiriza ndiyo ya mabungwe amene anthu anadzipangira okha. M'chaka cha 1912 anthu ophunzira a ku Karonga anayamba North Nyasa Native Association, mlembi wake Levi Mumba. Mabungwe ena otere anabuka m'maboma ena, ndipo m'chaka cha 1944 anaphatikana ku Blantyre nakhala Nyasaland African Congress, Mumba yemweyo nakhala mtsogoleri wake woyamba. M'misonkhano yotere, m'magulu a amayi a Mvano ndi Chigwirizano, ndi m'magulu a alimi, anthu anazolowera maudindo atatu amene lero sasowa ngakhale m'komiti ya mjigo: wapampando, mlembi ndi msungichuma. Apa mphamvu inabwerera kwa anthu, koma mwa njira yatsopano, ya kukweza manja, ndi kwa nthawi yowerengeka.

Ntchito ya wapampando ndiyo kutsegula msonkhano, kupatsa aliyense danga la kulankhula, ndi kumanga mfundo imene ambiri agwirizana. Iye sali mwini bungwe. Koma ngakhale udindo uwu unatha kupotozedwa. M'zaka za chipani chimodzi, kuyambira 1966, tcheyamani wa chipani anaopedwa m'midzi yambiri koposa nyakwawa, ndipo wopanda khadi analetsedwa kulowa mumsika ndi kukwera basi. Dr. Banda mwini anadzitcha nkhoswe ya amayi onse a m'dziko, nawatcha iwo mbumba yake. Mau a pabanja anakwezedwa kufikira pa dziko lonse. Koma njira yakale yakuti mbumba ifunse nkhoswe yake inatsekeka, kufikira anthu anaitsegula ndi mavoti ao pa 14 June 1993.

Mau ena akale alandira ntchito zatsopano. Phungu wa namwali wakhala phungu wa Nyumba ya Malamulo. Mneneri wa m'Chipangano Chakale wakhala wolankhulira bungwe kapena apolisi. Mlangizi wakhala wophunzitsa alimi. Ndipo meya ambiri amtcha mfumu ya mzinda. Pambali pa awa palowanso mau a Chingerezi ovala Chichewa, monga manijala, dayilekitala, khansala ndi sipikala.

KAPANGIDWE KA MAINA AWA

1. Maina ambiri abadwa ku aneni poika m- patsogolo ndi -i potsiriza: kutsogolera, mtsogoleri; kulemba, mlembi; kulangiza, mlangizi; kusunga, msungi. Pochulukitsa titi atsogoleri, alembi, alangizi.

2. Ena ayamba ndi wo-, chimene ndi chidule cha wa ku-: woyang'anira, woyendetsa, wolamulira. Akakhala ambiri w- achoka: oyang'anira, oyendetsa, olamulira. Kulemba kuti munthu oyang'anira, kapena anthu woyang'anira, ndi kulakwa kumene kwachuluka m'makalata a masiku ano. Ndipo atatuwa sali amodzi. Wolamulira ndiye wa mau otsiriza. Woyendetsa ndiye wokonza ntchito ya tsiku ndi tsiku. Woyang'anira ndiye woona kuti zinthu za eni zisaonongeke. Kuyang'ana ndi kwa maso chabe, koma kuyang'anira ndi kupenyera wina.

3. Mfumu, nduna, nkhoswe ndi nyakwawa, angakhale anena anthu, agwirizana ndi mau ena monga ichitira nyumba: mfumu yathu yafika, nduna yanena, nkhoswe yake yakana. Pochulukitsa titi mafumu athu afika, koma nduna zathu zanena.

4. Maina obwereka agwirizana monga achitira munthu: kapitao wathu wafika, bwana wao wachoka. Koma achulukitsidwa mosiyana: akapitao, akazembe, mabwana, mamanijala.

5. A- wa ulemu asasokonezedwe ndi kuchuluka. Amfumu ndi munthu mmodzi wolemekezeka, mafumu ndi ambiri. Abwana ndi mmodzi, mabwana ndi ambiri. Poitana titi amfumu, anduna, abusa, apampando, ndipo mneni atsata ulemu womwewo: amfumu afika.

6. U- apanga dzina la udindo: ufumu, unduna, unkhoswe, ukapitao, ubusa, utsogoleri. Koma zindikirani kuti ubwana sunena ntchito iliyonse. Tikati munthu achita ubwana, tamdzudzula.

7. Maina athu sasiyanitsa mwamuna ndi mkazi. Mfumu, nduna, phungu ndi wapampando akhoza kukhala mayi kapena bambo. Ndipo pamene Mayi Joyce Banda analowa pampando m'chaka cha 2012, dzina la mtsogoleri wa dziko silinasinthe lembo ndi limodzi lomwe.

LIU LOYENERA PA MALO OYENERA

Tsono inu aphunzitsi, alembi a mabungwe, omasulira makalata ndi olemba nyuzi, posankha dzina yambani mwafunsa mafunso awiri aja: anamuika ndani, ndipo adzamfunsa ndani? Wosankhidwa ndi mamembala kutsogolera misonkhano mumtche wapampando. Wolembedwa ntchito kuti ayendetse bungwe tsiku ndi tsiku mumtche mkulu wa bungwe, kapena manijala; ndipo musaiwale kuti iye ali pansi pa komiti, angakhale malipiro ake aposa a onse okhala m'komitimo. Wogwira mpando wa mnzake kwa kanthawi ndi wogwirizira. Wotsatana ndi mkulu ndi wachiwiri. Mwini mumsungire amene chinthu ndi chakedi, monga mwini sitolo. Mpingo, sukulu ya boma ndi kalabu ya alimi eni ake ndi anthu.

Liu la bwana sitilikaniza, pakuti lakhala la ulemu pamseu ndi pamsika, ndipo mabwenzi aitanizana nalo mwanthabwala. Koma likameza maina ena onse, kotero kuti phungu ndi bwana, mlembi wa khonsolo ndi bwana, wogawa mankhwala kuchipatala ndi bwana, pamenepo anthu ayamba kupempha mogwada zinthu zimene ndi zao, ndipo wapampandoyo ayamba kuiwala amene anamkhazikapo. Malamulo aakulu a dziko la Malawi a 1994 anena kuti mphamvu zonse za boma zichokera kwa anthu, ndi kuti ozigwira achita kusungitsidwa. Ichi si chiphunzitso chachilendo. Chili kale m'mau athu, mwa nkhoswe, mwa mbusa, mwa mdindo ndi mwa woyang'anira. Tiwaphunzitse ana athu mau amenewa pamodzi ndi matanthauzo ake. Ndipo aliyense wolandira dzina la ukulu akumbukire mau a makolo akuti, Ukakwera pamsana pa njovu usamati kunja kulibe mame.